Chigubu Chabuluu cha ku Joni

Mlamu wanga Lozina sanaphe mwana wa munthu. Ndayambira dala pamenepa, chifukwa mawu amenewa ndinawavumata zaka zisanu ndi chimodzi osawalavula, uku mayiyo akuyenda ndi dzina la wakupha. Zina zonse zimene ndinene apa n'zongokufikitsani pamenepo.

Ine ndine wa ku Limbuli, ndinakulira m'tiyi. Dengu kumsana, chiperoni chikulowa m'mafupa, zala zikuthyola masamba awiri ndi kansonga kuyambira m'mawa mpaka msana kukana kuwongoka. Manja anga anali otchuka pa esiteti. Kapitawo ankati, "Iwe uli ndi zala khumi ndi ziwiri, ziwirizo umazibisa kuti?" Koma tiyi ndi ntchito ya mvula. Dzuwa likangolimba amakuuzani kuti kapumeni kaye, ngati kuti m'mimba namonso mumapuma. Banja langa linali litatha kalekale, mwana Mulungu sanandipatse. Ndiye nditamva kuti mnzanga Edina wa ku Phalombe wapeza ntchito ku Joni ndipo kumeneko akufuna anthu a manja achangu, ndinati nanga ndikudikira chiyani.

Pakhomo ndinasiya anthu atatu oti muwadziwe. Woyamba ndi mng'ono wanga Esinati, wamtima wapachala ngati ine ndemwe. Wachiwiri ndi kamwana kake kakakazi, Yankho, kamene dzina ndinakatcha ndine. Kanali katangoyamba kuyenda, ndipo kakandiona ndikuchokera ku esiteti kankathamanga dzandidzandi kudzandigwira chitenje. Wachitatu ndi Lozinayo, mkazi wa achimwene a Daisoni, amene anakamutenga ku Milange, kutsidya ku Mozambique. Kwathu mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, koma achimwene anachita zawozawo, anabweretsa mkazi pamalo a amayi athu. Choncho Lozina anali mlendo tsiku lililonse, ngakhale anali ataberekera pomwepo ana awiri. Iye ndi Esinati ankakokanakokana za malire a munda wa chinangwa, mzere umodzi wokha, chaka ndi chaka. Koma thobwa la Lozina, abale inu! Ngakhale Esinati ankayamba wamwa kaye, kutukwana pambuyo.

Za ulendo sindinena zambiri. Masiku atatu m'galimoto ya a thiransipota, kudzera ku Mwanza ndi ku Tete, miyendo itatupa ngati ya mayi wapakati. Edina anandilandira m'kanyumba kake ka malata okhaokha, khoma malata, denga malata. Tinkagona bedi limodzi, kudya mphika umodzi. Lamulungu tikalakalaka kalongonda tinkangomuphika ndi pakamwa, wina akuti ndathira tomato, wina akuti onjezera mchere, mpaka kuseka misozi.

Fakitale yathu inali yodya mabotolo. Anthu otola zinyalala m'misewu ankabwera akukankha zingolo zodzaza mabotolo a pulasitiki, ndipo malole ena ankachokera m'masitolo ndi m'mafamu. Mabotolowo ankatsukidwa, kuduliridwa tizidutswa, kusungunulidwa, kenako kumapeto kwa makina kunkatuluka ulusi. Ulusi weniweni! Ndi umenewo ankaluka mabulangeti ndi majekete opita kwa azungu kutsidya kwa nyanja, chilichonse chitasokedwa kansalu kojambula tsamba lobiriwira. Denga lonse linali masola. Madzi otsukira ankawasefa n'kuwabwezanso pantchito. Pakhoma panali mawu akuluakulu amene Edina anandimasulira kuti akunena kuti pano sititaya kanthu. Ndinaseka. Ndinati, "Azungu aphunzira liti zimene amayi anga ankachita osapondako kusukulu?"

Ntchito yanga inali kuima pa lamba. Lamba ndi chimkeka chachitali cha labala choyenda chokha, mabotolo akudutsa pamaso pako osaima. Iwe kwako n'kutola: oyera uku, obiriwira uku, a mkaka uku. Apa zala za tiyi zinandidyetsa. Sabata yachiwiri kapitawo wathu, mayi wa Chizulu wamawu ngati a mwamuna, anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, kenako anafunsa Edina ngati kwathuko atsalako ena otere. Ndinali wonyada, sindibisa. Ndinkati ndikaona jekete lomalizidwa, mumtima ndimati mkono uwo ndatola ndine.

Ogula a kutsidya aja anali ovuta ngati apongozi. Ankatumiza anthu awo kudzayendera, kufunsa botolo lachokera kuti, walitola ndani, wavala magolovesi kodi, madzi akuda akupita kuti. Ndipo panali lamulo limodzi limene kapitawo ankalikuwa tsiku lililonse. Zigubu zochokera m'mafamu, zimene munakhalapo mankhwala opopera mbewu, zisalowe m'makina. Ukachiona pa lamba, chiponye m'khola la waya limene linali pakona, lokhomedwa ndi loko. Anthu ena apadera ankabwera kudzazitenga, ife osadziwa kumene ankapita nazo.

Ine lamulo limeneli ndinalimva mwanga. Ndinati akuteteza khungu la azungu ovala majekete, lisachite zidzolo. Koma mtima unkandipweteka ndikamaponya. Zigubu zake zolimba, zokhuthala, chivindikiro chomanga bwino, osati zimene timagula pa msika wa Chonde zong'ambika mwezi umodzi. Ndipo tinene zoona: ndani wa kwathu ku esiteti amene sanamwepo madzi a m'chigubu chakale cha mankhwala? Timatsuka ndi phulusa ndi mchenga, kuyanika padzuwa, basi chasanduka cha madzi. Kwathu chigubu sichitayidwa. Chikabooka timamata, chikang'ambika timadula n'kukhala chomwera nkhuku.

Chaka chachitatu, tsiku lina pa lamba panadutsa chabuluu, cha malita makumi awiri, chatsopano ngati cha m'sitolo. Pepala lake linali litamatuka. Ndinatsegula n'kununkhiza, kafungo kanalipo koma kakutali. M'malo moponya m'khola ndinachikankhira kuseri kwa mabelo a mabotolo. Mlonda wa pageti anali wa ku Mozambique, tinkalonjerana m'Chilomwe. Poweruka anachiona, anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mbalame.

Edina sanakondwe. "Iwe, ukachotsedwa ntchito chifukwa cha chigubu?"

"Si alemba okha pakhoma kuti sataya kanthu? Ndikuwathandiza kusunga lamulo lawo."

Ndinachitsuka katatu ndi madzi otentha ndi sopo, poti phulusa ku Joni ungalipeze kuti. Ndinachiyanika padenga masiku awiri. Fungo linatheratu. Nthawi imeneyo kwathu ankakonza zomanga chiliza cha amayi, ndiye ndinamanga katundu wotumiza: nsalu, tinsapato tofiira ta Yankho, ndi chigubu chitamangiriridwa pamwamba ndi chingwe. Mkulu wa thiransipota anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mayi, Joni yense uyu chimene mwaona ndi chigubu?" Ndinamuyankha kuti anyamule zimene wapatsidwa, za nzeru asiyire eni ake.

Chinafika sabata yomweyo ya mwambo. Esinati anandiimbira akusangalala. "Achemwali, chigubu chake ndiye ichi! Chiyambira ntchito pa thobwa la amayi."

Patapita masiku anayi foni inaliranso, nthawi ya chakudya chamasana, nditatsamira khoma la fakitale ndikudya buledi. Anali Esinati, koma mawu sanali ake.

"Achemwali, Yankho watisiya."

Mayo ine. Buledi uja sindidziwa kumene anagwera. Anafotokoza modukizaduka. Lozina anaphika thobwa la mwambo, lambiri anathira m'migolo ya alendo, lina anapatula la ana a pakhomo. M'mawa wa tsikulo ana atatu anamwa, Yankho ndi anzake awiri okulirapo, ndi mwamuna wa Esinati yemwe. Pasanathe nthawi onse anayamba kusanza, malovu chuchuchu, kupuma mobanika. Anawathamangitsira kuchipatala. Akuluakuluwo anachira. Yankho, wazaka zinayi, anathera panjira. Achipatala anati m'thobwamo munali mankhwala ophera tizilombo.

"Ndi Lozina," anatero Esinati. "Wathira tameki. Ana ake awiri bwanji sanamwe? Anawatumiza dala ku Milange kukatenga agogo awo. Zonsezi ndi mzere wa chinangwa uja." Kenako ananena mawu amene mpaka lero amandilasa. "Thobwalo tataya m'chimbudzi, ndi chigubu chanu chomwe, poti ndi mmene anathira la anawo. Pepani achemwali, chinali chatsopano."

Anandipepesa. Ndipo ine, chitsiru cha munthu, ndinati palibe kanthu, ndidzatumiza china. Mutu wanga sunagwire chilichonse. Ndinatukwana Lozina pafoni pomwepo, mawu oti sindingawabwereze pano. Kumaliro sindinapite, njira inali yaitali ndipo mwana anaikidwa mawa lake. Ndinangomva kuti apolisi anamutenga Lozina n'kumutulutsa posowa umboni, koma anthu a m'mudzi umboni anali nawo kale m'mitima mwawo. Anamugenda miyala, anaswa mawindo, ndipo anawoloka mtsinje wa Muloza kubwerera kwawo ndi ana ake ndi kamtolo kamodzi pamutu. Achimwene a Daisoni sanamutsatire, sanamutetezenso. Anangoyamba kachasu.

Patadutsa miyezi itatu, ogula a kutsidya analamula kuti wantchito aliyense aphunzitsidwe chifukwa cha lamulo lililonse, osati kungomukuwira. Anatisonkhanitsa m'chipinda chodyera. Kunabwera mayi wina wovala chikhoti choyera, atanyamula chigubu chodulidwa pakati. Ankalankhula Chizungu, Edina akundinong'oneza m'Chichewa.

"Akuti pulasitiki sali ngati galasi. Akuti amamwa mankhwala, amalowa m'kati mwa thupi lake. Akuti ngakhale utatsuka kakhumi, fungo n'kutha, mankhwala amakhala alimo. Ndiye ukathiramo chinthu chofunda, kapena chowawasa..."

Edina anasiya. Ndinamugunda ndi chigongono kuti apitirize. Sanapitirize. Koma zotsalazo sizinafune womasulira, chifukwa mayi uja ankasonyeza ndi manja: kusanza, malovu kuyenderera, kugwira pakhosi ngati munthu wobanika. Thobwa amathira m'chigubu likadali lofunda. Likagona limawawasa. Ndinaimirira kuti ndituluke, koma ndinangopezeka nditakhala pansi pa simenti. Anzathu ankati ndi njala, wina anandibweretsera madzi a shuga.

Titafika kunyumba Edina anatseka chitseko. "Uimbe foni."

"Ndiimba mawa."

Mawa limenelo linatenga zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinene mosabisa, anali mantha. Ndinkaopa mawu a Esinati, ndinkaopa kuti pakhomo pa amayi anga ndidzakhala ine wogendedwa. Ndinkadzinamiza kuti mwina si chigubu, mwina Lozina anathiradi kanthu. Bodza limenelo linkandigwira masiku awiri, lachitatu n'kusungunuka. Ndinayamba kutumiza katundu wambiri kuposa kale, mabulangeti a fakitale yathu yomwe, mapoto, malata a nyumba ya Esinati. Iye ankauza aliyense kuti ali ndi mchemwali wa golide. Akatero pafoni ndinkamva ngati andithira madzi otentha kumsana. Pantchito ndinasanduka mlonda wa khola lija. Mtsikana wina wa ku Zimbabwe anayesa kubisa chigubu, ndinamulanda n'kumukalipira mpaka analira. Kapitawo anandiyamikira pamaso pa alendo oyendera, akuti uyu ndiye wamvetsa bwino lamulo. Edina anangoyang'ana pansi.

Chaka chachisanu chimwalirireni Yankho, achimwene a Daisoni anamwalira, chiwindi chitatha ndi kachasu. Lozina anamva, anawoloka ndi ana kuti adzaike bambo awo. Anthu anamubweza pamsewu, Esinati ali patsogolo. Edina atamva zimenezo anachoka pabedi, anayala mphasa n'kuyamba kugona pansi. Anati, "Mnzanga ndimakukonda, koma zafika apa sindingafunde nawe bulangeti limodzi. Wachiwiri uyu wapita ndi pakamwa pako potsekapo."

Chaka chotsatira fakitale inagula makina okhala ndi diso, osankha mabotolo ndi kuwala n'kumawauzira ndi mphepo, ili uku, ili uku. Zala za tiyi zinatha ntchito. Anzanga anabalalika kukasaka kwina. Ine ndinamanga katundu. Edina anandiperekeza kokwerera, ndipo galimoto ikunyamuka anagogoda pawindo n'kuloza pakamwa pake.

Sindinayambire kunyumba. Ndinapitirira mpaka pa Muloza, ndinadutsa osintha ndalama akundikokera uku ndi uku, ndinakwera kabaza kutsidya. Nditatchula dzina la Lozina wakabaza anati, "Mayi wa thobwa uja?" Mbiri inali itawoloka mtsinje kale kuposa ine. Ndinamupeza m'mbali mwa msewu akugulitsa makala, poti chakudya palibe akanagula kwa iye. Anali atatha, tsitsi lotuwa, munthu wochepa kwa ine zaka. Anandizindikira, anaimirira n'kupukuta manja pachitenje.

"Mosheliwa, alamu?" anandilonjera mwa kwathu, mwaulemu, ngati sindinamutukwanepo.

Ndinagwada pafumbi la makala lomwelo. Ndinanena zonse: lamba, khola la waya, sopo, mayi wa chikhoti choyera. Anamvetsera osandidula, maso ali pa thumba la makala.

"Munadziwa liti, alamu?"

"Chaka chomwecho."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinkayembekeza mbama, ndipo ndikanailandira ndi manja awiri. Koma anangotambasula manja ake akudawo n'kumawayang'ana.

"Ine ndimadziwa kuti sindinathire kanthu. Koma anthu akakuuza chinthu chimodzi tsiku ndi tsiku, umayamba kufunsa manja ako. Ndinati mwina muli chinachake m'menemu chimene ine sindichidziwa. Chichokereni kwanu kuja, alamu, sindinaphikirepo munthu. Ngakhale ana anga. Amaphika ndi wamkuluyo, anayamba mphika ukumulemera."

Ndinalira ngati mwana, iye osagwetsa msozi. Kenako anati, "Dzukani, anthu akuona. Sindikutukwanani. Kukhululuka musandifunse lero. Pitani mukanene kumene anandigendera."

Esinati ndinamupeza m'munda wa chinangwa masana omwewo. Mzere wa mkangano uja unali wake tsopano, ndi munda wonse wa achimwene. Atandiona anaponya khasu, anathamanga akulululutira. "Achemwali! Osanena bwanji kuti mukubwera, tikanapha nkhuku!" Ndinamugwira mapewa asanandikumbatire. Ndinati khala pansi, Esinati. Ndinayambira pa chigubu, osazungulira, chifukwa ndinadziwa kuti ndikazungulira ndithawanso.

Anakhala pamzere, miyendo atatambasula. Nkhope yake inkasintha pang'onopang'ono. Mng'ono wanga wamtima wapachala uja sanakuwe. Anazula kaudzu, anakaduladula, anazula kena.

"Malata a nyumba yanga aja," anatero, "munkalipira mwana wanga?"

Anataya kaudzu kaja n'kupitiriza.

"Ine ndinaponya mwala woyamba, achemwali. Ndinamubweza pamaliro a mwamuna wake. Zaka zonsezi ndimadzuka m'mawa chifukwa ndinali ndi munthu womuda. Lozina ndinamuthamangitsa poti anali ndi kwawo. Nanga inu ndikuthamangitsirani kuti, kwanu kuli konkuno?"

Anatola khasu lake n'kumapita, ine ndinatsala m'mundamo.

Lamulungu lotsatira ndinapempha akulu a mpingo kuti andipatse mpata mapemphero atatha. Ndinaima kutsogolo, pamaso pa anthu omwe anagenda aja, ndinanena kachitatu. Ena anaweramitsa mitu. Amayi ena anatuluka mwachangu, ndinamva pambuyo pake kuti ankathamangira kukakhuthula zigubu zawo za madzi. Palibe anandigenda. Ndikanakonda akanandigenda.

Lolemba m'mawa ndinaona Esinati akugwira thadzi lake lalikulu, akulimanga miyendo. Anavala chitenje cha kutchalitchi, anandidutsa pakhonde osandiyang'ana, anaimitsa kabaza wolowera ku Muloza. Tsiku lonse ndinakhala pakhonde pomwepo, osadya, osamwa. Dzuwa litapendeka anabwerera, m'manja mulibe nkhuku, maso atatupa. Ndinaimirira.

"Esinati, wati chiyani?"

Anaima, koma sanatembenuke.

"Wandiphikira. Ndadya."

Analowa m'nyumba mwake n'kutseka chitseko. Tikukhala bwalo limodzi, timatunga pa mjigo umodzi, nyengo ya mvula yadutsa kawiri chichitikireni zimenezo. Mawu awiri amenewo ndi omaliza amene mng'ono wanga anandilankhula.